Kachiwindi ka m'galasi

Kanabwera m'bokosi la madzi oundana
pa basi yotsetsereka mapiri kufika pa Thabwa,
mabuleki akununkha chiphe.
Nditatsegula ndinaseka.
Kukula kwake ngati kakhadi kokanda ka mayunitsi,
koma akuti ndi chiwindi cha munthu.

M'kati mwake muli tingalande
toonda kuposa tsitsi la khanda,
tokhotakhota ngati ta m'minda ya nzimbe ku Nchalo.
M'mbali mwa tingalandeto mwagona maselo
a munthu amene sindidzamudziwa.
Kapampu kamagunda m'malo mwa mtima.
Kwina amachita kukafunditsa kuti kasazizidwe;
kuno ku Ngabu, mwezi wa Okutobala,
timachita kukaziziritsa
kuti kafanane ndi munthu wamoyo.
Magetsi akathima, Fatchi amathamangira jenereta
ngati mzamba.

Ntchito yanga ndi dontho limodzi.
Ndimatenga m'botolo la mankhwala opopera thonje,
kusungunula, kusungunulanso,
mpaka fungo lokha litatsala,
kenako ndimakamwetsa.

Fungolo ndimalidziwa.
Ndi fungo la malaya a bambo anga, Zuze Thenesi,
zaka makumi awiri ndi zitatu mpope uli kumsana,
ukudontha m'chiuno, kutsikira m'kabudula.
Ankavundula ndi kamtengo ka msawu,
kakasowa, ndi mkono.
Kamlomo ka mpope kakatsekeka
ankauzira ndi pakamwa, n'kulavula, n'kuseka.
Botolo likatha mayi ankalitsuka katatu
n'kusungiramo mchere.

Maso awo atachita chikasu
ndi mimba kutupa ngati ng'oma,
ena anati kachasu,
chonsecho munthuyo ankaliza belu la tchalitchi.
Ena anati ndi za malire a dimba.
Tinawakweza pa ngolo, tinawabweza pa ngolo.
Chiwindicho palibe anachifunsa.

Lero ndikufunsa.
Kamalandira poizoni mwaulemu ngati mpongozi,
kamamuphwanya, kumusandutsa, kumukankhira kunja.
Koma nthawi zina chimene kaphika
chimaposa ukali chimene ndakapatsa,
ndipo kamafa ndi ntchito ya manja ake.
Pa kompyuta amoyo amaoneka obiriwira,
akufa ofiira.
Tsiku loyamba, msipu wokhawokha.
Lachiwiri, timadontho.
Lachitatu usiku
munda wonse wa nzimbe ukuyaka.

Ndimalemba nambala m'buku.
Dzanja silinjenjemera, ndinaliphunzitsa.

Za bambo sikanganene, ndikudziwa.
Kalibe likodzo la m'dambo,
sikanadyepo nyika chaka cha njala,
sikanagone ndi ngongole ya mbewu pamutu
kapena kudikira ogula thonje mpaka Ogasiti
sikelo yawo ili yopendekera.
Kamangodziwa dontho ndi ola.
Komabe ndi mboni yoyamba
imene sinandiuze kuti zinalembedwa.

Mayi nditawafotokozera anasiya kupeta mapira.
Ndiye kuti mbewa zija munkabaya zapuma?
Ndinati zina zapuma.
Nanga mwini chiwindicho anamuuza?
Ndinati anavomera yekha, anasayina.
Anakhala chete, lichero lili pamwendo.
Ukamuona umuuze takhuta.

Loweruka ndinapita kumudzi
ndi magolovesi, ndi chophimba kukamwa,
ndi pepala la manambala anga.
Mchimwene wanga Jofilisi anawerenga mpaka pansi,
anabwerezanso, chala chikutsata mzere.
Ndamva, mlongo.
Koma mbozi sizinawerenge.
Anavala magolovesiwo mizere inayi ya thonje,
thukuta likutuluka m'zigongono,
wachisanu anawakoleka pa mtengo wa msawu.
Chophimba kukamwa sanavule.
Ndinawerengera chimenecho.

Lolemba m'mawa ndinachotsa kakufa kaja,
kopepuka ngati khoko la mtedza,
n'kukaponya mu ndowa yachikasu.
Fatchi anafunsa ngati dizilo akwane sabata ino.
Ndinati tiona.
M'bokosi mwatsala tisanu ndi tiwiri.
Mabotolo pa shelefu alipo makumi atatu.